Zigubu za Apongozi

Dzina langa ndine Goodness, koma pa Wimbe mukafunsa dzina limenelo akuuzani kuti sakundidziwa. Muzifunsa kuti Wayilesi. Anandipatsa ndi amayi a pa mjigo, ati nkhani ikachitika m'mawa, pofika masana ndimakhala nditaiwolotsa kale dambo. Ine sindikana. Sukulu ndinalekezera sitandade faivi, koma makutu ndi pakamwa sizinalephereko mayeso ayi.

Kwathu kwenikweni ndi ku Kapelula. Pa Wimbe ndinapitira kukalera mwana. Achemwali anga a Consolata anakwatiwa kumeneko, anawatenga chitengwa kukakhala kwawo kwa alamu a Fredson. Mwana wawo Yewo atangoyamba kukwawa, alamu ananyamuka ulendo wa ku Joni kukasaka ndalama. Kuchokera kumeneko ankatumiza zithunzi zokhazokha pa foni, atavala jekete, atatsamira galimoto ya eni ake. Zithunzi sadya. Chimene chinkatidyetsa atatufe ndi ntchito ya achemwali, yogulitsa m'golosale ya kopaletivi.

Golosaleyo ndi ya alimi a fodya a m'kalabu, anachita kusonkherana. Muli shuga, sopo, mchere, usipa, machesi, makope a ana asukulu, basi zomwezo. Wapampando wake anali a Levison, bambo awo a alamu, ndiye kuti apongozi awo a achemwali. Munthu wamtali, mkulu wa mpingo, wosalankhulalankhula. Sindinganame kuti anali ankhanza. Vuto lawo linali limodzi, kutaya chinthu ankakuona ngati tchimo. Msomali wopindika ankautola panjira n'kukauwongola kunyumba.

Chikwatiwire, achemwali anali asanawayang'anepo kumaso apongozi awowo. Akangowaona akubwera pa njinga, ankathawira kuseri kwa matumba a shuga n'kugwada. Ndiye poti ntchito inali imodzi, ankalankhulana kudzera mwa Yewo, ali kumbuyo kwanga, mamina ali chuchuchu.

"Yewo, uwauze amako kuti mchere ubwera Lachisanu."

"Yewo, uwauze agogo kuti tamva."

Anthu ogula ankasangalala nazo zimenezi. Ankati mtsikana wa ku Kapelula uyu analangidwa bwino.

Chaka chimenecho mafuta ophikira a m'botolo anakwera mtengo mpaka anthu anayambiranso ndiwo zowiritsa. A m'kalabu anali atadzala mpendadzuwa m'mphepete mwa minda ya fodya, ndiye anagwirizana zokauyengetsa ku boma kuti golosale izigulitsa mafuta akeake, oyeza. Nzeru yabwino ndithu. Panangotsala potengera mafutawo. A Levison anati palibe chifukwa chogulira zigubu zatsopano, iwo ali nazo ziwiri zabwinobwino.

Zigubuzo ine ndinaziona ndi maso angawa. Ndinali nditapita kukatola nkhuni kuseri kwa chigafa chawo, ndinawapeza atakwinya malaya akuzitsuka. Zachikasu. Zinali za mankhwala othenera fodya, aja amathira pamtengo akadula nsonga kuti mphukira zisatulukenso, aja ukanunkhiza mutu umachita ngati akukumenya ndi mpini. Anathiramo phulusa, anathiramo mchenga, sopo, kukhutchumula, kutaya, kuthiranso. Kenaka anaziyanika padzuwa atazizondotsa. Mapepala ake anamatula, koma pa chimodzi kapepala kena kanakanirira cham'munsi, pomwe anajambula chigaza cha munthu ndi mafupa awiri opingasa.

Mafuta atabwera, anthu anachita mzere mpaka pamsewu. Tsiku loyamba zinali bwino. Lachiwiri achemwali atatsegula chigubu m'mawa anabwerera m'mbuyo.

"Goodness, tanunkhiza apa."

Ndinanunkhiza. Pansi pa fungo la mpendadzuwa panali fungo lina, la kumunda.

"Ndi zigubuzi," ndinatero. "Ndinawaona agogo akuzitsuka."

"Tseka pakamwa pakopo. Wamva? Nkhani iyi isafike pa mjigo."

Ndinatsekadi, ndipo Mulungu ndi mboni kuti zinandiwawa ngati chithupsa. Koma nkhani inafika yokha pa mjigo, popanda ine. Anayambitsa ndi mayi Lefina, aja amakazinga mandasi pageti pa sukulu, amayi onenepa, a mawu ngati belu.

"Abale, mandasi anga ana akungoluma n'kulavula. Mwana wina wandiuza kuti akununkha nazale ya fodya. Ine chiyambire geni yanga, nazale?"

"Kwathunso bambo adandaula," anatero wina. "Ati ndiwo zikuwawa kukhosi."

"Ine m'mimba mwangamu mukuchita ngati muli achule."

Anaseka, koma kenaka anandiona ndili pamzere ndi ndowa yanga, onse anangoti zii. Ine Wayilesi, anthu kukhala chete chifukwa cha ine! Pamenepo ndinadziwa kuti nkhani yalowera kwathu.

Achemwali anayesa, asanene munthu kuti sanayese. Anayamba kwa apongozi aakazi, mayi Catherine, poti amenewo amatha kukhala nawo pamphasa imodzi. Mayi Catherine anati mafuta a mpendadzuwa ndi mmene amanunkhira, ndipo zigubu anatsuka ndi bambo eni ake, nanga mukufuna kunena kuti bambo sadziwa kutsuka? Anaimbira alamu ku Joni. Alamu anati, "Iwe, madala amene aja ine ndemwe ndimawaopa. Ndiwauza ndikapeza mpata." Mpatawo mpaka lero akuufunabe. Ankhoswe anali kutali ku Kapelula, ndiponso ungaitane ankhoswe chifukwa cha chigubu?

Ndiye achemwali anaganiza zawozawo. Anakankhira zigubu kuseri kwa matumba, aliyense wofuna mafuta ankamuuza kuti atha. Zinayenda masiku angapo. Kenaka tinamva njinga ikuima pakhonde.

Achemwali anagwada pamalo pawo paja, kufupi ndi zigubu zomwezo. A Levison analowa, anayang'ana pa shelefu, anasuzumira kuseri.

"Yewo, tawafunsa amako. Anthu akuti mafuta atha. Nanga awa ndi madzi?"

Mawu a achemwali atatuluka anali aang'ono ngati a mwana.

"Yewo, uwauze agogo kuti mafutawa ali ndi kafungo."

"Kafungo kanji?"

"Yewo, uwauze kuti mwina ndi motengeramo."

Apo ndiye pomwe akanatha kufika. Kupitirira apo kukanakhala kuwaloza chala apongozi. A Levison anatsegula chigubu, ananunkhiza. Koma munthu amene wakhala akuthira mankhwala amenewo zaka zonsezi, mphuno yake ingamvenso chiyani?

"Yewo, amako mphuno yawo ndi yachizungu. Mpendadzuwa uwu ndi thukuta la anthu. Uwauze agulitse."

Anagulitsa. Koma ankayesa kuwanong'oneza anthu kuti, "Bwanji mutenge a m'botolo?" Ndiye zimenezo zinangoipitsa zinthu. Anthu anayamba kufunsana kuti mtsikanayu akudziwa chiyani. Dzulo amabisa mafuta, lero akutiletsa kugula. Nkhani ikamayenda imamera miyendo, ine ndimadziwa bwino zimenezo. Pofika Lamulungu zinali zitamveka kuti a Consolata anapita kwa sing'anga wa ku Lukwa kukatenga mankhwala okokera makasitomala, ndiye amathira m'mafuta, ndiye anapyoza muyeso. Ena anawonjezera kuti si a makasitomala okha, ndi okokeranso amuna a eni, poti awo ali ku Joni. Kutchalitchi benchi yomwe tinakhala ife inali ndi malo ambiri tsiku limenelo.

Kenaka mdzukulu wa mayi Lefina, kamtsikana kotchedwa Thandizo, kanadya mandasi otsala amene ana anakana. Kanasanza mpaka maso kulowa m'kati. Anakatengera kuchipatala pa kabaza, anakaika madzi a m'botolo pamkono. Kanachira, koma kanabwerako kataonda ngati bango. Mayi Lefina anasiya kutipatsa moni.

Tsono kopaletivi yathu ili ndi tsiku lomwe amati lomva ogula. Anabweretsa ndi a bungwe lina lothandiza makopaletivi, ati sitolo ya anthu iyenera kumva anthu. Limachitika fodya akatha kupita ku okushoni, m'chigafa cha kalabu, poti chimakhala chopanda kanthu. Chaka chimenecho kunali kamphepo ka Julaye kolowa m'mafupa. Anthu anadzaza, ngakhale aja sagula n'komwe machesi. Azibambo pa mabenchi, azimayi pansi, a Levison kutsogolo pampando ndi chikhoti chawo chakuda. Woyendetsa msonkhano anali a Esau, mlembi wa komiti, kamunthu kakafupi kokonda nthabwala. Achemwali anakhala kumapeto kwenikweni, atafulatira pang'ono kumene kunali apongozi. Ine pambali pawo ndi Yewo.

"Lero ndi tsiku lanu," anatero a Esau. "Lankhulani zonse. Wotuluka muno ndi mawu m'mimba akatupidwa yekha."

Anayamba ndi zing'onozing'ono. Bambo wina anati sopo wodula uja amadulidwa mokhota, mbali ina yonenepa ina yoonda.

"Inu mumagula sopo, a Sankhani?" anafunsa mayi wina kumbuyo. "Nanga amapita kuti, poti pathupi sitimuona?"

Chigafa chonse chinaphulika. Wina anati usipa uli ndi mchenga wokwanira kumangira nyumba. Wina anati golosale imachedwa kutsegula, munthu umafuna shuga wa tiyi, umamupeza nthawi ya nkhomaliro. Gogo wina anadandaula kuti machesi a masiku ano ndi aulesi, ndipo a Esau anati akawauza a kufakitale. Anthu ankaseka, koma maso awo sankaseka. Aliyense ankadikira chinthu chimodzi.

Mayi Lefina anadzuka, anamanga bwino chitenje.

"Ine sindinabwerere sopo. Mdzukulu wanga anatsala pang'ono kupita. Mafuta a m'golosale muno ali ndi chinthu. Mpendadzuwa tinalima tokha, ulibe mlandu. A komiti ndi makolo athu, sangatipatse choipa. Ndiye patsala ndani? Amene amagwira mafutawo ndi manja ake tsiku ndi tsiku atiuze chimene amathiramo."

"Eya! Anene!"

"Nanga ankabisiranji?"

A Esau nthabwala zinawathera. Anatembenuka.

"Mayi a Yewo, mwamva dandaulo la ogula. Yankhani."

Achemwali anagwada. Anakoka chitenje n'kutseka pakamwa. Kuti anene, ndiye kuti awavula apongozi pamaso pa mudzi wonse, mpingo wonse, kalabu yonse. Kuti asanene, ntchito yapita, dzina lapita. Ndinawatsina pantchafu. Nenani, achemwali, nenani.

A Levison anali atayang'ana pansi, akuzunguza chipewa m'manja. Kaya anali atayamba kukayika, kaya ayi, ine sindidziwa. Koma sanatsegule pakamwa.

"Ndamva," anatero achemwali. "Pepani."

Basi. Mawu awiri okha.

Anthu anachita phokoso ngati njuchi. "Wavomera! Mwamva, wavomera!"

Ine pamenepo mutu unangoti ruu. Ndinamutsitsa Yewo, ndinathamanga. Golosale ili pafupi, kiyi anali pa chingwe m'khosi mwanga poti ndine ndinkasesa. Ndinakoka chigubu chija cha kapepala, chinali chitatsala theka, ndinachikwakwaza m'fumbi mpaka m'chigafa, ndinachigwetsa pakati pa anthu, mbali ya chithunzi ili kumwamba.

"Onani! Achemwali sanathire kanthu! Ichi ndi cha mankhwala othenera fodya! Ndinawaona agogo awa akutsuka kuseri kwa chigafa chawo, ndi phulusa! Achemwali anawauza kuti mukununkha, iwo anati gulitsani!"

Ndinaloza ndi chala. Inde, ndinawaloza.

Simunamvepo chete wotero. Kunja mphepo inkagwedeza udzu wa padenga, Yewo n'kuyamba kulira. Aliyense m'chigafamo ndi mlimi wa fodya. Chigubu chachikasu chija anachidziwa asanaone n'komwe chigaza. Ena ali nazo zonga zomwezo kunyumba, amatungira madzi osamba. Ndinaona mayi Lefina akuyang'ana chithunzicho, pakamwa pali yasa. Ndinati eya, tsopano zatheka, tsopano awapepesa achemwali.

Woyamba kulankhula anali gogo wa machesi uja.

"Mwana uyu ndi wa kwa yani? Kuloza mkulu wa mpingo ndi chala?"

"Ndi Wayilesi ameneyo. Mumayembekeza chiyani?"

"Wamutuma ndi mkulu wakeyo. Mwana payekha sangatero."

"Iyeyo kugwada ngati waulemu, kumbali atakonza kale galu woti alume."

A Levison anadzuka pang'onopang'ono. Nkhope yawo inali itatuwa ngati phulusa lomwe lija. Sanandiyang'ane ine, sanayang'ane chigubu. Anavala chipewa n'kutuluka, anthu akuwapatukira. Njinga anaiyiwala, anapita wapansi.

A Esau anakhosomola, anati nkhaniyi ndi yaikulu, aikambirana a komiti paokha, tiyeni titseke ndi pemphero. Anapemphera za mtendere ndi kulemekeza akulu. Titatsegula maso chigubu panalibe, wina anali atachichotsa anthu ali chitsinzinire.

A komiti sanachedwe. Mawa lake a Esau anabwera kunyumba, anakhala pa khonde osalowa. Anati ogula ataya chikhulupiriro mwa wogulitsa, ndiye mayi a Yewo apume kaye. Anapempha kiyi. Ndinavula chingwe m'khosi n'kuwapatsa. Achemwali anafunsa kuti apume mpaka liti. A Esau anayang'ana nkhuku zomwe zinkapalasa pabwalo, anati, "Tiona mmene mitima ikhalire."

Za zigubu sananene kanthu. Mafuta otsala ndinamva kuti anakawathira m'dzenje kuseri kwa chimbudzi cha kalabu, palibe amene analengeza.

Madzulo ake mayi Catherine anatuma mwana kudzanena kuti bambo sakudya, agona chigonere, shuga wawakwera. Alamu anaimba kuchokera ku Joni. Mpata anaupeza tsopano. Ndinkamva mawu awo ali patali, akukuwa, ati mwawachititsa manyazi madala, ati kamng'ono kakoko ndinanena kale kuti n'kosalangidwa. Achemwali ankangoti, "Eya. Eya. Ndamva." Lachitatu kunabwera amalume awo a alamu, amene ali nkhoswe ya kuchimuna, kudzanena kuti mayi a Yewo akaone kaye makolo ku Kapelula mpaka akuluakulu adzakhale pansi. Aliyense amadziwa tanthauzo la kukaona kaye makolo.

Tinanyamuka m'mawa, kukuzizira. Katundu sanali wambiri, chikwama chimodzi, ndowa yodzaza mapoto, mphasa. Achemwali anabereka Yewo okha, sanafune kuti ndimunyamule. Chichokereni m'chigafa muja anali asanandilankhule. Kundimenya bwenzi kuli bwino.

Njira yopita pa siteji imadutsa pageti pa sukulu. Mayi Lefina anali pamalo pawo, chiwaya chili pamoto, pambali pali botolo la mafuta a mtengo wokwera aja. Atationa anadzuka, anapukuta manja, anabwera mpaka pamsewu. Anayang'ana uku ndi uku kaye.

"Mayi a Yewo, mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka bwino, kaya inu."

"Mwanangu, usandisungire chakukhosi. Chigaza chija tonse tinachiona. Palibe amene sakudziwa."

"Ndiye bwanji simunanene?" ndinafunsa ine. Pakamwa pangapa.

Sanakwiye. Anandiyang'ana ngati ndine wodwala.

"Iwe, fetereza wa ngongole amatisainira ndani? Mwana wanga akafuna ukwati wa kutchalitchi, adutsira kwa yani? Ndikadzafa ine, adzayendetsa mwambo wa maliro anga ndi ndani? Inu muli ndi kwanu kopita. Ife titsala nawo."

Achemwali anangogwedeza mutu, anakweza Yewo kumsana, tinapitirira.

Tinayenda mtunda ndithu pakati pa minda yopanda kanthu, mapesi a fodya ali mbuu, ena atawazula kale n'kuwaunjika. Ine ndinalephera kupirira.

"Achemwali, ndiye ndikanangokhala chete? Anthu azikunenani kuti ndinu mfiti?"

Ndinkangomva mapoto akugundana m'ndowa pamutu panga.

"Ntchito inali itapita kale," anatero. "Ndinaidziwa imeneyo ndisanagwade. Ndinkafuna nditsale ndi banja."

"Banja la zithunzi?"

Anaima. Ndinati lero ndiye mbama yafika, ndinatseka maso. Koma nditatsegula ndinaona akungoyang'ana kutsogolo.

"Yenda, Goodness. Galimoto itisiya."

Kwathu amayi anatilandira osafunsa zambiri, uthenga unali utatitsogolera. Malo ogona ndi ochepa, timagona anayi m'chipinda chimodzi ndi ana a malume. Akuluakulu aja mpaka pano sanakhale pansi, mvula yayamba kale. Alamu anasiya kuimba. Achemwali amadzuka m'mamawa kupita ku ganyu pa esiteti ina ya fodya kutsidya kwa mtsinje, kuwokera mbande, amabwera msana utauma, manja akununkha mankhwala. Asanamugwire Yewo amasamba kawiri.

Anthu ochokera ku Wimbe akadutsa kuno ndimawafunsa. Akuti m'golosale muja akugulitsa ndi mdzukulu wa a Esau, mafuta akubwera m'zigubu zoyera zatsopano, ogula akuyamikira kwambiri. A Levison anachira, anawasankhanso kukhala wapampando. Ndikabwera nazo nkhani zimenezi kunyumba, achemwali amati ndikawauze amayi, iwo atopa, akufuna agone.